Kalata Yochokera ku Ulongwe: Ng'oma ndi Chimanga pa Mbendera Yofiira

Amalume,

Ine ndafika bwino ku Ulongwe, likulu la boma la Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Ndinadzera ku Dedza, n'kudinditsa pasipoti pachipata cha Calomue, kenako n'kukwera minibasi imene kuno amati chapa. Kukuzizira koopsa. M'mawa nkhungu imakuta zigwa, ndipo amayi opita kumsika amafunda zitenje ziwiriziwiri. Dzikoli ndi Dedza yemweyo: madimba a kabichi ndi mbatatesi, nyemba zoyanika pabwalo, ngolo za ng'ombe zikukwera zitunda. Chiyankhulo n'chathu chomwechi, kungoti mtengo wa katundu amautchula m'Chipwitikizi. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadula pakati pa Angoni a kwa Maseko, ena n'kugwera kwa Gomani ku Ntcheu, ena n'kutsala kuno kwa Zintambira, kufupi ndi phiri la Domwe kumene makolo awo anamanga midzi.

Munandituma kuti ndikulembereni za Frelimo, chipani cholamula kuno, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Inu ndi a m'badwo umene unkatchera khutu ku wailesi ya ku Mozambique usiku, mawu atatsitsidwa, kumvera Samora Machel akubangula ngakhale Chipwitikizi simunkachimva bwino, m'masiku amene kutchula sosholizimu kwathu kunkatengera munthu ku Mikuyu. Ndakhala ndikufunsafunsa, ndipo anthu akuno akadziwa kuti ndiwe mlendo wongodutsa, sabisa mawu.

Mbendera ya chipanichi mumaiona paliponse m'tauni muno. Ndi yofiira, ndipo ili ndi ng'oma ndi chimanga. Ya Renamo, chipani chotsutsa, ili ndi nkhwali. Ndinaima nthawi ndithu kuyang'ana chimanga chija, chifukwa Angónia ndiye nkhokwe ya chigawo chonse cha Tete, ndipo mbiri ya Frelimo kuno, mmene ndikuimvera, ndi mbiri ya mlimi wa chimanga: zimene chipani chinamulonjeza, zimene chinamuchitira, ndi zimene chinamuchita osamufunsa.

Chiyambi chake chikutikhudza ife kuposa mmene tinaphunzirira kusukulu. Frelimo inabadwa pa 25 Juni 1962 ku Dar es Salaam, magulu atatu a anthu othawa kwawo ataphatikizana. UDENAMO inayambira ku Southern Rhodesia, MANU inali ya anthu akumpoto okhala ku Tanganyika ndi ku Kenya, ndipo UNAMI inali ya anthu a kuno ku Tete, yotsogozedwa ndi Baltazar Chagonga, ndipo inakhazikika kwathu ku Nyasaland. Sizodabwitsa. Munthu wa ku Angónia akatopa ndi thangata la Apwitikizi, ndi msonkho, ndi mbalamatodya imene asipayi ankamenyera anthu m'manja mpaka kutupa, njira yake inali imodzi, yowoloka msewu n'kulowa ku Dedza kapena ku Ntcheu kwa abale ake. Tauni ino nthawi imeneyo inkatchedwa Vila Coutinho. Mtsogoleri woyamba wa gululi anali Eduardo Mondlane, mwana wa ku Gaza amene anaphunzira ku America n'kugwirapo ntchito ku United Nations. Nkhondo inayamba pa 25 Sepitembala 1964 ku Chai, m'chigawo cha Cabo Delgado.

Poyamba Frelimo sinali chipani cha sosholizimu. Linali gulu la aliyense wofuna kuti Mpwitikizi achoke. Mkangano unabuka pamene anayamba kulamulira madera amene anawalanda kumpoto: kodi cholinga n'kungochotsa mzungu n'kuikapo wakuda pampando womwewo, kapena kuthetseratu zoti munthu azidyera thukuta la mnzake? Msonkhano waukulu wachiwiri, umene unachitikira kutchire ku Matchedje m'chigawo cha Niassa mu Julayi 1968, unapendekera mbali yachiwiriyi. Mondlane anaphedwa ndi bomba lobisidwa m'phukusi pa 3 Febuluwale 1969, Samora anatenga utsogoleri mu 1970, ndipo Uria Simango, amene anali wachiwiri kwa Mondlane, anachotsedwa. Pambuyo pake Simango anatsekeredwa, ndipo ufulu utabwera anaphedwa mwachinsinsi, popanda mlandu kuzengedwa m'khoti. Ndikulemba zimenezi dala, chifukwa khalidwe loona wotsutsa ngati mdani linayamba chipani chisanalowe m'boma.

Kuno ku Tete nkhondo inakula kuyambira 1968, pamene Apwitikizi ankakonzekera kumanga damu la Cahora Bassa. Asilikali a atsamunda ankasonkhanitsa anthu m'midzi yolondera kuti asapereke ufa kwa ankhondo a Frelimo. Pa 16 Disembala 1972 anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kummwera kwa mzinda wa Tete. Ansembe ndi amene anatulutsa nkhaniyi, ndipo Bambo Adrian Hastings anaifalitsa m'nyuzipepala ya The Times ku London mu Julayi 1973. Dziko la Portugal linadzapepesa mu 2022, kudzera mwa nduna yake yaikulu António Costa. Nthawi yonseyi boma lathu la Kamuzu linali pa ubale ndi Apwitikizi, ndipo Jorge Jardim, mpondamatiki wa ku Beira, anali kazembe woimira Malawi kumeneko. Akuluakulu akuno amazikumbukira, ngakhale sakunena mokalipa.

Asilikali a ku Portugal atagwetsa boma lawo pa 25 Epulo 1974, mgwirizano unasainidwa ku Lusaka pa 7 Sepitembala, ndipo ufulu unabwera pa 25 Juni 1975. Apa, amalume, ndiyenera kunena zabwino momveka, chifukwa masiku ano ambiri amaziiwala. Apwitikizi anachoka atasiya dziko limene anthu oposa 90 mwa 100 alionse sankatha kuwerenga, ndipo madokotala ambiri ananyamuka nawo. Pa 24 Julayi 1975 boma linatenga malo, sukulu ndi zipatala kukhala za anthu onse. Pakati pa 1976 ndi 1979 magulu a katemera anayenda dziko lonse mudzi ndi mudzi. Mayi wina wachikulire amene amagulitsa nyemba pamsika waukulu anandionetsa chipsera cha katemera paphewa pake, n'kunena kuti dzina lake anaphunzira kulemba ali kale ndi mwana kumbuyo, pansi pa mtengo, mphunzitsi wake ali mnyamata wa zaka zochepa kuposa iye. Anatola kamtengo n'kulemba dzinalo pansi kuti ndione. Amayi ankaitanidwa kuyankhula pamisonkhano, chinthu chimene pa nthawi ya atsamunda sichinkalotedwa. Munthu amene anaona zimenezi sangainyoze Frelimo yonse, ndipo inenso sindingatero.

Mayi yemweyo ndi amene anandifotokozera za mzere wa pasitolo ya boma. Eni magolosale a Chipwitikizi, amene ankagula chimanga m'midzi n'kugulitsa mchere, sopo, nsalu ndi makasu, anali atathawa. M'malo mwawo munabwera masitolo otchedwa a anthu, koma m'mashelefu munali mbee. Munthu ankadzuka tambala woyamba kukaima pamzere, dzuwa n'kufika pamutu, kenako n'kuuzidwa kuti sopo watha. Ndalama inalipo, makamaka metical itabwera mu 1980, koma inalibe chogula. Ndiye mlimi wa ku Angónia anachita zimene aliyense wanzeru akanachita: ankasenza chimanga ndi mbatatesi usiku kupita nazo ku Lizulu kapena ku Dedza, n'kubwerako ndi mchere ndi chitenje. Boma linkati imeneyo ndi candonga, malonda ozembetsa, ndipo wogwidwa ankalangidwa ngati mdani wa anthu.

Zonsezi zinali ndi muzu wake. Pamsonkhano waukulu wachitatu, mu Febuluwale 1977, Frelimo inalengeza kuti tsopano ndi chipani cha Marx ndi Lenin, chipani chimodzi chotsogolera antchito ndi alimi. Maganizo a atsogoleri anali akuti khasu la mlimi wamba n'lachikale, ndipo chitukuko chidzabwera ndi mafamu aakulu a boma okhala ndi mathirakitala. Kuno minda imene azungu anasiya inaphatikizidwa kukhala famu ya boma yotchedwa CAIA. Anthu amene ankayembekeza kuti malo a makolo awo, olandidwa ndi atsamunda, abwerera kwa iwo, anangoona kuti mwini wasintha dzina. Pafupifupi ndalama zonse za ulimi zinkapita ku mafamu otere, pamene mabanja, amene ndiwo ankadyetsa dziko, ankasowa ngakhale khasu latsopano.

Kenako mafumu. Chipani chinati onse anali zida za atsamunda, chinawachotsa, n'kuika m'malo mwawo alembi a chipani ndi timagulu totchedwa grupos dinamizadores. N'zoona kuti mafumu ena ankatolera msonkho ndi kugwira anthu a thangata. Koma mukudziwa nokha kuti pakati pa Angoni ndi Achewa mfumu ndiye amagawa malo, amaweruza milandu ya mabanja, amatsogolera pamaliro. Gule wamkulu, zinamwali ndi asing'anga zinatchedwa za mumdima. Sukulu ndi zipatala za mishoni, monga za Ajezuwiti ku Lifidzi, zinatengedwa ndi boma. A Mboni za Yehova amene anathawa nkhanza za kwathu n'kukhala m'misasa ku Mlangeni, mbali ya kuno, anabwezedwa mokakamiza mu 1975. Ndipo panabwera midzi ya pamodzi, aldeias comunais, kumene mabanja ankauzidwa kuti asiye nyumba zawo, mitengo yawo ya mapichesi ndi manda a makolo, akamange m'mizere kufupi ndi msewu. Cholinga cholembedwa chinali chabwino, chakuti sukulu, mjigo ndi chipatala zikhale pafupi. Koma bambo wina amene ndinacheza naye pa shopu yokonzera njinga anati kwa iye mudzi woterewo sunasiyane ndi uja Apwitikizi ankatsekeramo anthu, chifukwa onse awiri sanamufunse. Munda wake unatsala kutali, ndipo kuti apite kukaona mbale wake m'boma lina ankafunika chikalata cha ulendo chosainidwa ndi mlembi.

Chipani chenichenicho chinavomereza zina mwa zolakwazi pamsonkhano wachinayi mu Epulo 1983, pamene chinati alimi a m'mabanja ananyalanyazidwa. Koma nthawi inali itatha kale.

Za Renamo sindikufuna kuti mundimve molakwa. Gululi linakhazikitsidwa ndi akazitape a boma la Ian Smith ku Rhodesia, pobwezera Samora chifukwa chotseka malire mu 1976 ndi kusunga ankhondo a Zimbabwe, ndipo mu 1980 linagwera m'manja mwa asilikali a tsankho a ku South Africa. Linawotcha sukulu ndi zipatala zomwe ndatamanda zija, linadula anthu makutu ndi milomo, linagwira ana kuwasandutsa asilikali. Akuluakulu mpaka lero amawatcha a Matsanga, potengera dzina la mtsogoleri wawo woyamba André Matsangaissa. Moto unachokera kunja, koma udzu unali utauma kale. Mfumu yochotsedwa, mlimi wolandidwa munda, mnyamata wokwapulidwa chifukwa cha thumba la chimanga, ena mwa amenewa anawalandira a Matsanga, kapena anangokhala chete powaona akudutsa.

Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri a Chijezuwiti, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa kuno komwe, ndi Bambo Sílvio Moreira wa ku Portugal, anatengedwa usiku ndi anthu a mfuti ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi, n'kuphedwa. Akhristu akuno amapitabe pamalopo kukapemphera. Mu Sepitembala 1986 Samora, Kaunda ndi Mugabe anabwera ku Blantyre kudzamuuza Kamuzu maso ndi maso kuti Renamo ikudzera m'dziko lake. Pa 19 Okutobala ndege ya Samora inagwa ku Mbuzini. Chaka chisanathe, Renamo inalowa mu Ulongwe muno. Zotsatira zake inu munaziona ndi maso anu muli mphunzitsi ku Dedza: mabanja akutsika m'mapiri ndi mitolo pamutu, ana oyankhula Chichewa chokhachokha koma olembedwa kuti othawa kwawo, makalasi odzaza mpaka pakhonde. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Malawi inkasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Boma la Angónia linatsala pafupifupi lopanda anthu m'madera ambiri.

Chipani chimene chinatuluka m'nkhondoyi sichinali chija cha 1977. Chinali chitalowa kale mu IMF ndi World Bank mu 1984, n'kuyamba kumasula mitengo ya zinthu mu 1987. Pamsonkhano wachisanu, mu Julayi 1989, Joaquim Chissano ali pampando, dzina la Marx ndi Lenin linachotsedwa. Malamulo atsopano a 1990 analola zipani zambiri, mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo mu Okutobala 1994, miyezi yochepa ife titasankha Bakili Muluzi, akuno nawo anaponya voti. Chissano anapeza mavoti 53 pa 100 alionse, Afonso Dhlakama wa Renamo 34. M'nyumba ya malamulo Frelimo inapeza mipando 129, Renamo 112. Anthu a ku Angónia, atangobwera kumene kuchokera m'misasa ya ku Dedza ndi Ntcheu, ambiri anavotera nkhwali. Alendo ambiri zimenezi zimawazunguza mutu: munthu angavotere bwanji amene anamuwotchera nyumba? Bambo wa njinga uja anandiyankha kuti voti yake sinali yothokoza Renamo. Inali nthawi yoyamba kufunsidwa maganizo, ndipo anafuna kuti a chipani amve kuti anakwiya. Palinso dandaulo lakuti Mondlane, Samora ndi Chissano onse anali a ku Gaza, ndipo Maputo ili pamtunda wa makilomita oposa 1,500, pamene Lilongwe munthu amapita m'mawa n'kubwerako madzulo. Frelimo inamva ndithu. Mu 2000 inakhazikitsa lamulo lozindikiranso mafumu, ndipo lero amavala yunifolomu ya boma pa zikondwerero.

Masiku ano chipanichi chimadzitcha cha sosholizimu ya demokalase, ndipo ndi membala wa bungwe la Socialist International. Ndayesa kufufuza kuti m'mawu amenewa mwatsala chiyani chogwirika ndi manja. Chimodzi ndachipeza, ndipo n'chachikulu: malo. Mpaka lero nthaka ya Mozambique ndi ya boma, siigulitsidwa, ndipo lamulo la malo la 1997 limavomereza kuti banja kapena mudzi umene wakhala ukulima pamalo motsata mwambo uli ndi ufulu pamalopo ngakhale ulibe pepala. Ndikaganiza za anthu a ku Thyolo ndi Mulanje opanikizika m'mphepete mwa minda ya tiyi, lamuloli ndimalisirira. Ulongwe nayo yakula. Inakhala tauni yodzisankhira meya mu 2008, kuli magetsi, ndipo yunivesite ya Zambeze ili ndi nthambi yake ya zaulimi konkuno.

Koma pitani pamsika nthawi yokolola. Ndinakhala pafupi ndi sikelo ya ogula chimanga, yopachikidwa pa mitengo itatu. Mlimi amafika ndi matumba panjinga kapena pangolo, thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira. Wogula amapisa dzanja m'thumba, kuluma njere imodzi, n'kunena kuti sichinaume, mtengo utsike. Mlimi amayang'ana uku ndi uku, koma ogula onse atchula mtengo umodzi, ndipo kunyumba kukudikira ngongole ya feteleza ndi mwana wofuna yunifolomu. Amagulitsa. Madzulo malole amanyamula chimangacho kupita ku Tete, ku Beira kapena kwathu ku Malawi, ndipo miyezi ya njala chidzabwerera pamtengo wokwera. Wa fodya naye amalima pa ngongole ya kampani, ndipo giredi ya fodya wake amatchula ndi wogula. Kale boma linkamuuza mlimi kumene akhale ndi mtengo wogulitsira. Lero lamusiya yekha pamaso pa sikelo. Mmene ndikuonera ine, Frelimo inayamba ndi sosholizimu yopanda demokalase, kenako inabweretsa mavoti n'kutaya sosholizimu, ndipo nthawi imene ziwirizi zinayendera limodzi mlimi wa ku Angónia sanaione.

Pamwamba pa izi pali chuma chimene anthu amangochimva. Malasha a ku Moatize, m'chigawo chomwechino, anayamba kutumizidwa kunja mu 2011, ndipo sitima zake zimadutsa kwathu kupita ku Nacala, koma mabanja amene anasamutsidwira ku Cateme anachita kutseka njanji mu 2012 kuti madandaulo awo amveke. Mu 2016 kunaululika ngongole zobisika za ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni, zotengedwa nyumba ya malamulo isakudziwa. Metical inagwa, ndipo amene anali nduna ya zachuma, Manuel Chang, anapezeka wolakwa m'khoti ku New York mu 2024. Mu 2016 muja anthu a m'chigawo chino anathawiranso kwathu, ku Kapise m'boma la Mwanza, mfuti zitayambanso kulira pakati pa boma ndi Renamo.

Achinyamata ndiwo andidetsa nkhawa kwambiri. Mnyamata amene amandinyamula pa njinga yamoto anamaliza sekondale, ndipo nkhondo ya ufulu amaidziwa ngati funso la pamayeso basi. Atate ake amati chipani chinawapatsa dziko, iye amati dzikolo sanalione. Chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitachitika, zotsatira zake zinakanidwa ndi Venâncio Mondlane, amene anapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti, ndi omutsatira, loya wake Elvino Dias anawomberedwa ku Maputo pamodzi ndi Paulo Guambe, ndipo zionetsero za miyezi ingapo zinaphetsa anthu mazana, ambiri achinyamata. Daniel Chapo wa Frelimo, amene analumbira kukhala pulezidenti mu Januwale 2025, anabadwa mu Januwale 1977, patangotsala milungu yochepa kuti msonkhano wachitatu uja uchitike. Ndiye pulezidenti woyamba wobadwa ufulu utabwera kale, amene sanganene kuti ndinamenya nawo nkhondo, ndipo anthu amene akuwalamulira, ambiri mwa iwo, sangamufunse za nkhondoyo. Adzamufunsa za ntchito, za mtengo wa feteleza, ndi ngati voti yawo inawerengedwa.

Ndikudziwa kuti zina mwa izi zikupwetekani, chifukwa Samora mumamukonda. Inenso ndikamva nkhalamba zikusimba mmene ankadzudzulira nduna zake poyera ndi kulowa m'mosungira katundu mwadzidzidzi kukagwira akuba, mtima umanditentha. Ngakhale amene anavotera nkhwali amanena kuti m'masiku ake wamkulu sankalemera ndi chuma cha boma. Koma anthu omwewo ndi amene anasamutsidwa m'midzi yawo m'dzina lake, ndipo sindikanakulemberani mbali imodzi yokha.

Mawa ndikufuna kupita ku Lifidzi ndi ku Chapotera, kenako ndidzatsikira ku Tete kuti ndikafike ku Wiriyamu. Akuti kumeneko kukutentha kwambiri, ndiye jekete ndilisiya kuno. Ngati mukukumbukira mayina a midzi imene ana amene munkawaphunzitsa aja ankachokera, munditumizire pafoni, chifukwa pobwerera ndidzadzeranso konkuno ndipo ndikhoza kukawafunsa kwa mafumu. Ndakugulirani nyemba zofiira ndi mbewu ya mbatatesi. Mupereke moni kwa agogo, ndipo muwauze kuti mankhwala awo a miyendo sindinaiwale.

Ndine mphwanu.